Kodi mwana angatengere ululu kwa mayi ake?

MayiWaAtatu:
Ndithandizeni nzeru abale. Mwana wanga wamkazi wazaka 12 wakhala akudandaula m'mimba kwa miyezi isanu tsopano, makamaka m'mawa nthawi ya sukulu ikayandikira. Kuchipatala anamupima magazi, mkodzo ndi chimbudzi, sanapeze kanthu. Ineyo msana umandivuta chibadwire cha mwana wanga womaliza, masiku ena ndimangoswera chigonere. Dzulo ndinamuona atagwira m'chiuno akubuula ndendende mmene ndimachitira ine. Bambo ake akuti ndikumusasatitsa. Kodi ndine ndamupatsa vutoli?

NamwinoWopuma:
Mayi, musadziimbe mlandu. Zoona, ana a makolo odwala ululu wosatherapo nawonso amadandaula ululu kawirikawiri kuposa anzawo. Mbali ina ndi ya kumtundu (mutu waching'alang'ala umayenda m'banja), ina mwana amaphunzira poona. Koma sakunama ayi. Mimba ndi ubongo zimalumikizana kudzera m'mitsempha, ndiye nkhawa imapotokoladi m'mimba.

Mu 2006 a Lynn Walker ndi anzawo ku yunivesite ya Vanderbilt ku America anamwetsa ana madzi mpaka mimba kuti tho. Kenako makolo ena anauzidwa kuti azifunsa mwana mmene akumvera, ena azimuchezetsa nkhani zina. Ofunsidwawo kudandaula kwawo kunakwera pafupifupi kawiri, ochezetsedwawo kunatsika ndi theka. Ndiye dzifunseni, patsiku mumamufunsa kangati kuti "mimba ili bwanji?"

Koma akayamba kuonda, kutentha thupi, kusanza pafupipafupi, magazi m'chimbudzi, kapena ululu ukamamudzutsa usiku, thamangani naye kuchipatala, osadikira.

Mlongo_Wamkulu:
Ine ndinali mwana ngati ameneyo. Kwathu bambo ndi mayi ankakangana usiku uliwonse, ndipo ndikadwala mutu phokoso linkatha, onse awiri ankabwera kudzakhala pambali panga. Sindinkachita dala, mutu unkawawadi. Ndinazindikira ndili wamkulu kale kuti unkandigwira masiku ati. Sindikunena kuti kwanu nkotero, koma mufunseni zomwe zikumudetsa nkhawa. Mwina akuopa kukusiyani nokha muli gone. Mwina kuli wina akumuzunza kusukulu.

BamboJ:
Tikanena ife abambo mumati ndife ouma mtima. Mwanayo azipita kusukulu basi.

NamwinoWopuma:
Zoti azipita kusukulu tikugwirizana, bambo, chifukwa akamajomba kubwerera kumavuta kwambiri. Koma mawu oti "ukunamizira" asatuluke pakamwa panu. Mwana wosakhulupiriridwa amabuula mokweza kuti amveke.

MayiWaAtatu:
Ndawerenga kawiri. Zofunsazo ndiye ndagwidwa, lero lokha ndamufunsa kasanu asanavale ndi yunifolomu yomwe. Madzulo ano tinakhala awiri tikupinda zovala, za mimba sindinazitchule. Mwadzidzidzi anandifunsa ngati msana wangawu ungandiphe. Kuyambira liti akuganiza zimenezi, iyenso sakukumbuka. Lachinayi ndili ndi tsiku lokaonana ndi dokotala, ndamuuza kuti tipitire limodzi akafunse yekha.