Nduna ya chigawo ku Pakistan: ulendo wa ndale wa Murad Ali Shah

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Akuluakulu, ndikupempha amene amatsatira ndale za ku Pakistan kuti andiunikire. Ndamva kuti Syed Murad Ali Shah, amene akutsogolera boma la chigawo cha Sindh, adayamba ngati phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, kenaka n'kukhala nduna yoona za ulimi wothirira. Kodi zimatheka bwanji kuti chigawo chikhale ndi nduna zakezake, ndipo zimenezi zimathandiza chiyani madzi akasefukira monga amachitira kuno ku Nsanje?

Bambo wa ku Nchalo:
Aphunzitsi, Pakistan ili ndi zigawo zinayi, zomwe ndi Punjab, Sindh, Khyber Pakhtunkhwa ndi Balochistan, ndipo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo ndi nduna zake. Mu 2010 malamulo aakulu a dzikolo adasinthidwa kuti zigawo zilandire mphamvu zambiri kuchokera ku boma lalikulu ku Islamabad, likulu la dzikolo. A Shah adabadwira ku Karachi mu 1962, ndipo ndi injiniya amene adaphunziranso ku yunivesite ya Stanford ku America. Adalowa m'nyumba ya malamulo ya Sindh mu 2002 pa tikiti ya Pakistan Peoples Party, adakhalapo nduna ya ulimi wothirira komanso ya zachuma, koma mu 2013 adaletsedwa kupikisana nawo pa chisankho chifukwa adali ndi unzika wa Canada, mpaka adausiya ndi kubwereranso mu 2014. Mu Julaye 2016 adalowa m'malo mwa Qaim Ali Shah monga nduna yaikulu, yomwe imatsogolera boma la chigawocho, ndipo adasankhidwanso mu 2018 ndi mu 2024.

Mayi wa ku Makhanga:
Zikomo Bambo, koma funso la madzi simunaliyankhe, ndipo kwa ife okhala m'mbali mwa Ruo ndilo lalikulu. Mu 2022, pamene madzi osefukira adakhudza anthu pafupifupi 33 miliyoni m'dziko lonse la Pakistan ndi kupha oposa 1,700, nyanja ya Manchar idadzaza mpaka kuopseza tauni ya Sehwan, dera limene a Shah amaimira. Boma la chigawo lidasankha kudula dala chipupa cha nyanjayo kuti madzi apite kumidzi, tauniyo ipulumuke, ndipo mwa midzi yomwe idamira mudali Wahur, kwawo kwa makolo a a Shah. Chigamulo chowawa ngati chimenecho ndimachimvetsa bwino chikachokera kwa munthu amene akudziwa mudzi uliwonse umene madziwo adzalowamo. Ife pa Freddy mu 2023 tidadikira kuti zonse zigamulidwe ku Lilongwe, tili pamwamba pa chulu ndi ana, mbuzi zikutengedwa tikuona.

Bambo wa ku Ngabu:
Mayi, chisoni chanu ndikuchimva, komabe tisakometse kwambiri nkhaniyi. Bambo ake a munthu ameneyu, Syed Abdullah Shah, adalinso nduna yaikulu ya Sindh kuyambira 1993 mpaka 1996, m'chipani chomwecho, ndipo chipanichi chakhala chikupambana chisankho chachikulu chilichonse cha nyumba ya malamulo ya Sindh kuyambira 2008. Chigumula cha 2010 chidawapeza a chipanichi ali m'boma, cha 2022 chidawapezanso ali momwemo, ndiye nkovuta kunena kuti adalibe nthawi yokonza ngalande ndi zipupa za mitsinje. Aphunzitsi, ngati cholinga chanu ndi kuyerekeza ndi kwathu kuno, funsani kaye amene adzakhale ndi mphamvu pa ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikadzatha, ngati adzakhale makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, mafumu, kapena unduna ku likulu.