Chida chotchipa chochunira gain ya ampu, ndani ali nacho ku Lilongwe kuno?

Akuluakulu a zoimbira m'galimoto, ndithandizeni nzeru. Mu Sienta yanga muli ampu ya monoblock ndi sabu (sipika ya besi) imodzi ya mainchesi 12, ya 2 ohms, 400 watts RMS. Amene anandimangira anachuna gain (kabatani kogwirizanitsa ampu ndi mphamvu ya siginolo ya wailesi) ndi khutu basi. Ndikakweza, besi imamveka yothetheka, ndipo pakapita kanthawi kumbuyo kumanunkha koyilo. Ndikufuna ndiichune bwino sabu isanapse, chifukwa mitengo ya masiku ano sindingagulenso ina.

Njira ya multimeter ndikuidziwa. Umachotsa mawaya a sabu, kuzimitsa bass boost ndi loudness, kuika test tone ya 50 Hz, volume ya wailesi pafupifupi 75%, kenako kukweza gain mpaka mita iwerenge ma volts a AC amene wawerengetsera. Kwa ine 400 kuchulukitsa ndi 2 ndi 800, square root yake ndi 28.3 volts. Chikundivuta n'chakuti masamuwa amakhulupirira kuti ampu ikhozadi kutulutsa mphamvu imeneyo. Yanga pa katoni analemba 3000W, koma fyuzi yake ndi ya 40 amps yokha. Ngakhale injini ikulira, batire ili pa 14.4 volts, fyuzi imeneyo siingadutsitse zoposa ma watts 576 kwa nthawi yaitali, ndipo mphamvu ina imathera mu kutentha. Ndiye ngati ampu ikuyamba clipping (kudula nsonga za mafunde ikafika malire a mphamvu zake) pa 24 volts, mita ingondionetsa manambala akukwera, osandiuza kuti mafunde aphwanyika nsonga.

Mita yochunira gain ya SMD DD-1 ndi imene ambiri amaitama, imayatsa kagetsi distortion ikafika 1%. Koma mtengo wake ndi wa madola, ndipo forex mukuidziwa mmene ilili. Ndikuganiza za tima oscilloscope ta m'manja monga DSO150 kapena ta FNIRSI, toonetsa maonekedwe a mafunde pa sikirini. Alipo anatiyesapo pa ampu? Timapezeka ku Malangalanga kapena ku Bwalo la Njobvu, kapena mpaka kutuma opita ku Joni?

Yankho loyamba: Achimwene, DSO150 imakwana pa ntchito imeneyi, 50 Hz si kanthu kwa iyo. Koma samalani, malire ake ndi 50 volts pa nsonga, ndipo 28.3 yanuyo nsonga yake ndi 40. Gulani probe ya 10x. Chinanso, muiyendetse ndi batire yakeyake, osati magetsi a galimoto. Ma ampu ambiri a Class D waya wa negative wa sipika si ground, mukalumikiza molakwika mupsereza ampu.

Yankho lachiwiri: Musanakhudze ampu yezani kaye wailesi. Mawailesi a Android otchipawa ena amayamba clipping asanafike 75% yomwe mukunenayo. Ikani scope pa RCA (mawaya ochoka ku wailesi kupita ku ampu), mupeze pamene funde likuyambira kuphwanyika, mubwerere pang'ono, volume yanu ithere pamenepo. Pochuna, injini izilira.

Wofunsa: Zikomo kwambiri mabwana, za wailesizo ndiyamba nazo. Funso latsala ndi la tone: ndiike ya 0 dB kapena ya -5 dB? Ndimamvera kwambiri amapiano, besi yake imakhala yokhuta kale, ndiye ndikuopa kuti ndikachunira pa -5 dB gain ipitirira muyeso. Ndipo ngati alipo ali ndi scope cha ku Area 25 kapena Area 49, Loweruka ndibwera ndi galimoto, ya ntchito yanu ndilipira.