Ngongole ya Nambewe: 226 kapena 206?

Asungichuma: Mwaswera bwanji amayi nonse. Pepani kukusokonezani usiku uno koma ndikufuna titsekeretu mabuku a banki khonde yathu poti kugawana kwayandikira, mesa tinagwirizana kuti ngongole zonse zikhale zitalowa pofika pa 30 Novembala. Otsala ndi atatu, awiri aja tamvana kale, koma a Nambewe ine ndi iwo masamu akusiyana. Mubuku mwanga muli K226,000 iwo akuti ayi. Nde ndati ndibweretse pano kusiyana nkuti tizikangana awiri pa mpopi ngati dzana lija.

Nambewe: Mwachita bwino kubweretsa pagulu, nanenso ndimafuna zomwezo. Ngongole sindikukana ayi, ndinatenga ndipo ndibweza, koma yanga ndi K206,000. 20 inayo sindikudziwa komwe yachokera.

Apampando: Mmodzi mmodzi chonde. Asungichuma yambani ndinu mutiuze momwe 226 yabwerera, enanu musalowerere kaye.

Asungichuma: Chabwino. Pa 5 Ogasiti anatenga K250,000. Chiwongola dzanja chathu ndi 20 pa 100 pamwezi nde imayenera kubwera 300 pa 5 Seputembala. Tsikulo anapereka 50 ya chiwongola dzanja yokha, 250 ija tinaizunguliza, zimenezo malamulo amalola kamodzi. Okutobala imayeneranso kubwera 300, ananditumizira 120 pa Airtel Money usiku wa pa 4, yotapira anaikapo pamenepo sindingawanamizire. 300 kuchotsa 120 kutsala 180. 180 ija yagona mwezi wina yabereka 36, yakwana 216. Kuikapo chindapusa cha 10 chochedwetsa, 226. Palibe chomwe ndaonjezera cha mmutu mwanga.

Nambewe: Pamenepo pomwepo. 120 ija ine ndimadula ngongole yeniyeniyo, ndinalembanso pa meseji kuti ya mpamba, pitani mukaione. 250 kuchotsa 120 ndi 130. Chiwongola dzanja cha Novembala muwerengere pa 130 osati pa 180, ndi 26. Nde 130 ndi 26 ndi 50 ya Okutobala yomwe sindinapereke ija, 206. Inuyo mwatenga 50 ya chiwongola dzanja mwaibereketsanso chiwongola dzanja china, imeneyo si banki khonde ndi katapila.

Asungichuma: Mawu oti katapila mubweze Nambewe. Ndalamayi sindikadya kwanga ine, ikulowa mubokosi, nanunso mudzagawana nawo.

Nabanda: Ndawerengera pa foni apa, masamu onse awiri ali bwinobwino palibe waphonya. Nkhani ndi yoti 120 ija inayamba kutseka chani, chiwongola dzanja kapena mpamba. Pamenepo pakusiyana 10 yokha. 10 inayo ndi chindapusa, ndi mlandu wina, tisaziphatikize.

Amake Junior: Koma amayi tinene zoona, pa status tikuona katundu watsopano tsiku ndi tsiku, ma lotion, mapafyumu, dzulo lomwe munaika seti ija ya pinki. Munthu amene akuoda choncho angavutike ndi 20? Ifenso ndalama zathu zili mmenemo tikufuna tigule feteleza mvula yayamba kale iyi.

Nambewe: Amake Junior poti mwayamba za status ndikuuzeni zonse. Zithunzi zijazi si katundu amene ali mnyumba, amanditumizira mayi amene amandigulira ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ine ndimangoika kuti anthu aode. Ndalama ya gulu ija yonse ndinaponya ku katundu, mafuta odzola, gilisilini, ma roll on, ma lip gloss ndi katoni imodzi ya pafyumu mabotolo 24, poti phindu lenileni lili mu pafyumu, lotion umangopeza ya sopo. Katundu wachoka ku Dar wadutsa pa Songwe wafika kuno patatha masabata awiri, nditatsegula katoni ija mtima unangoti myuu, pansi ponse patanyowa, mabotolo 9 osweka, atatu zitsekero zinamasuka anatayika theka. Nyumba inanunkhira sabata yathunthu mpaka nsima kumamveka pafyumu, bambo akunyumba kumadyera panja. Wonyamula akuti analandira katoni yomata kale, mayi wogula akuti anapakira bwino, nde ndigwire ndani ine? Otsalawo ndinagulitsa inde koma geni yathuyi mukuidziwa, palibe amene amagula pafyumu wa K14,000 nkupereka pompo, ndi tengani mudzalipira mwezi ukatha, manesi, aphunzitsi, atsikana a mu saluni, wina akupatsa 5 wina akuti malipiro sanalowe, ndimayenda wapansi kuchoka kuno ku Kawale mpaka ku Biwi dzuwa lili pamutu kukatolera K3,000. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 shilingi timaigula modula kwa anyamata osintha ndalama, ukagulitsa katundu yense ndalama yake siikwananso kuoda katundu yemweyo.

Nangozo: Za pafyumu ndi zoona ndinaona ndi maso anga, ndinapita kukabwereka sefa ndinabwerako chitenje chikununkhira mpaka kwathu anandifunsa kuti wachokera kuti kkkk

Amake Junior: Pepani ndithu pa zimenezo koma kusweka kwa katundu si mlandu wa gulu. Ine nkhuku zanga 40 zinafa ndi chitopa chaka chatha ndinabweza yonse ndi chiwongola dzanja chomwe, palibe anandimvera chisoni.

Nambewe: Sindikupempha chisoni ine. Koma poti tikunena zoona, K86,000 ya ndalama imene mukundifunsayi ili mgulu mommuno.

Apampando: Nambewe chonde maina ayi pano.

Nambewe: Pepani apampando ndatumiza kale chithunzi cha kope langa. Naphiri mapafyumu awiri K28,000 kuyambira Seputembala. Amake Junior seti ya lotion, sopo ndi mafuta a kumaso K35,000 munati mulipira Junior akatumiza za ku Joni. Asungichuma relaxer, mafuta a tsitsi ndi ponzi za pa chinkhoswe cha mwana wanu K23,000. Anthu omwewa ndi amene akundiwerengera chindapusa chochedwetsa.

Nangozo: Eeee

Nabanda: Gulu langoti zii kkkk

Asungichuma: Ngongole yanga kwa inu ndi ya ine ndi inu, sikukhudzana ndi buku la gulu. Mukanandifunsa kumbali ndikanakupatsani.

Nambewe: Ndinakufunsani katatu mumati mawa.

Agogo: Ndi mdzukulu akundilembera. Ana inu mwandikhumudwitsa. Mnzanu watenga ndalama kuti achite geni, inu mwapita kukatenga katundu yemweyo pa ngongole, mwadzola mwawala, lero mukuti bwanji sakubweza. Abweza ndi chani? Gululi tinaliyamba pa khonde panga tili anthu 11 sheya ili K200, wina amagulitsa mandasi wina tomato, tinkagulana pompopompo kuti ndalama izungulire. Koma iwenso Nambewe kutumiza kope pagulu si khalidwe.

Nambewe: Ndalakwa agogo, mtima unapsa.

Apampando: Zikomo agogo. Alembi muli pompo? Tiwerengereni zomwe tinalemba mu Januwale tisamangoyankhula za mmutu.

Alembi: Ndilipo ndimasaka buku, linali pansi pa matiresi. Lamulo la 7 likuti ndalama iliyonse yobwezedwa iyambe yatseka chiwongola dzanja, yotsalayo ndiyo idule ngongole. Tonse tinasaina, Nambewe dzina lanu lili pa nambala 14. Nde 120 ija 50 inapita ku chiwongola dzanja, 70 inadula mpamba, yotsala 180 ndi mpamba weniweni osati chiwongola dzanja chobereka chinzake. Pamenepo asungichuma akulondola, 216.

Nambewe: Olo nditalemba pa meseji kuti ya mpamba?

Alembi: Olo mutalemba amwali, meseji siisintha lamulo. Tikalola zimenezo aliyense azidula mpamba nkumasiya chiwongola dzanja chigone ulele mpaka Disembala.

Nambewe: Chabwino imeneyo ndavomera ngakhale ikuwawa. Nanga chindapusa?

Alembi: Lamulo la 9, chindapusa cha K10,000 ndi cha munthu amene tsiku lobweza lakwana osabwera pa msonkhano komanso osatumiza mawu. Pa 5 Okutobala munalipo munafotokoza, ndinalemba. Pa 5 Novembala simunabwere ndipo mubuku mulibe mawu alionse.

Nambewe: Ndinali ku maliro a apongozi ku Mitundu, netiweki kunalibe, ndinatuma munthu mmawa ndisanakwere.

Nangozo: Aaa amayi ndine. Ananditumadi, anandipeza ndikuchapa, nde tsiku lija mukukumbukira tinayamba ndi mkangano wa makiyi a bokosi uja mpaka ndinaiwaliratu, ndakumbukira pano nditaona mawu oti Mitundu. Pepani ndithu.

Amake Junior: Nde chindapusa alipire Nangozo kkkk

Nangozo: Inu lipirani kaye 35 ya eni ake

Asungichuma: Ine ndimatsata zomwe zili mubuku la alembi, mawu sanafike nde ndinalemba chindapusa. Gulu likati chichoke ndichotsa, koma mawa wina asadzabwere kuti nanenso ndinatuma munthu anaiwala, poti tikhala tatsegula chitseko tokha.

Nabanda: Apa pali mboni yovomera yokha pagulu komanso maliro aja tonse tinawamva, tinaperekanso ya sosho. Ine ndikuti chichoke. Kutsogoloku amene watuma mawu azilembanso pano pa gulu, bandulo ikasowa aimbe kwa apampando.

Apampando: Amene akuti chindapusa chichoke akweze dzanja pano. Ndikuona 13 pa anthu 19, ena agona. Chachoka. Yatsala 216 ndipo mwezi wotseka uno sitiwerengera chiwongola dzanja china monga timachitira chaka chilichonse. Tsopano Nambewe mubweza bwanji pofika pa 30?

Nambewe: Mmanja ndili ndi 60. Kunja kwa makasitomala kuli pafupifupi 95 koma aboma amalandira kumapeto kwa mwezi nde sindingalonjeze kuti yonse ilowa. Ndili ndi katundu wotsala, ma lip gloss 30, ma roll on ndi gilisilini, ngati gulu lingalandire ngati chikole kapena mugawane mudule pa ngongole.

Agogo: Feteleza sitigula ndi lipi gilosi mwana wanga.

Naphiri: Bwanji titenge ku sosho timuthandize poti katundu anasweka, ndi tsoka limenelo

Alembi: Sosho ndi ya maliro ndi matenda basi, lamulo la 4. Mulinso 41 yokha mmenemo. Ndipo Naphiri mwatulukira pano nthawi yonseyi munali kuti?

Naphiri: Foni inali ku chaji kwa aneba magetsi kwathu kulibe

Amake Junior: Njira yachidule ndi kudula pa masheya ake tsiku logawana, nkhani yatha.

Nambewe: Masheya anga ndi K164,000, mukadula pamenepo ndituluka chimanjamanja, chaka chonse ndakhala ndikuponya sabata ndi sabata kuti Januwale ndilipire fizi ya mwana ku sekondale ndi kuodanso katundu. Mukudziwa kuti Disembala ndi pomwe zodzola zimayenda, maukwati, zinkhoswe, Khirisimasi, ndikaphonya pamenepo geni yafa. Inu mukufuna mudule masheya anga 35 yanga ili kwanu?

Nabanda: Maganizo anga ndi awa. Atatu aja asapereke kwa Nambewe, apereke ku gulu mu dzina la Nambewe Loweruka lino, 86 yonse. Nambewe abweretse 60 yake tsiku lomwelo, ikwana 146, itsala 70 yoti atolere kwa makasitomala pofika pa 30. Ikapanda kukwana yotsalayo ndi imene tidule pa masheya. Ndipo wa atatuwo amene alephere Loweruka timudulenso pa masheya ake iyeyo.

Asungichuma: Kudula masheya a munthu chifukwa cha ngongole ya kunja kwa gulu mulibe mmalamulo.

Nabanda: Mulibe inde, nchifukwa ndikuti avomere okha pano tonse tikuona, alembi alembe.

Amake Junior: Ine ndavomera koma ndipereka 20 Loweruka, 15 Lachitatu.

Naphiri: Ine ndilipira mmodzi, winayo ndibweza. Pafyumu uja sakhalitsa, ukapopera mmawa pofika mu Area 2 watha kale.

Nambewe: Naphiri botolo lija ndinaliona pa windo panu lafika theka. Miyezi iwiri mukupopera osakhalitsa yemweyo?

Naphiri: Nchifukwa chake latha msanga, ndimapopera kawiri

Apampando: Basi basi. Naphiri katundu wotsegula sabwezedwa, 28 yonse. Loweruka 2 koloko pa khonde la agogo, osunga makiyi onse atatu mubwere ndi makiyi anu, wochedwa K500 monga mwa nthawi zonse. Asungichuma yanu musadzilandire nokha, tumizani kwa alembi. Ndipo Nambewe chithunzi cha kope chija chifufuteni muli maina a anthu ena osakhala a mgulu.

Nambewe: Ndafufuta.

Asungichuma: Alembi onani foni, ndatumiza 23. Lembani kuti yatsala 193.

Alembi: Yalowa, K23,000 ndendende.

Nambewe: Ndendende? Yotapira simunaikepo asungichuma? Ine munandiuza kuti popanda yotapira simulemba.