Thandizeni: tchipisi za poutine zikufewa zisanafike kwa kasitomala

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu ophika ku Quebec, ku Canada. Pamalo athu odyera kuno ku Montreal timagulitsa ma burger ndi poutine (tchipisi zoika tizidutswa ta tchizi pamwamba n'kuthira msuzi wotentha). Odyera pompano sadandaula, vuto lili pa chakudya chotumiza kunyumba: pakatha mphindi 15 tchipisi zimakhala zitamwa msuzi wonse n'kusanduka phala.

Mbatatesi ndi za mtundu wa Russet. Timazidula sentimita imodzi, kuziviika m'madzi ozizira usiku wonse kuti sitachi ichoke, kuziumitsa, kenako kukazinga kawiri: koyamba pa 150°C, zikazizira pa 190°C. Msuzi ndi wa mafupa a nkhuku ndi ng'ombe, wolimbitsa ndi batala ndi fulawa. Tinayesa kuulimbitsa kwambiri, koma ukazizira umagwirana ngati bota ndipo sutsikira pansi pa mbale. Tinabowola chivindikiro kuti nthunzi izituluka, chakudya n'kumafika chozizira. Kuika msuzi m'kapu yakeyake kumathandiza tchipisi, koma ukafika sukhalanso wotentha mokwanira kufewetsa tchizi, ndipo kwa ine imeneyo si poutine.

Tchizi nachonso chikutivuta. Tchizi cha tizidutswachi (cheese curds) chikakhala chopangidwa tsiku lomwelo chimalira pamano, koma chikagona mufiriji kulirako kumatha, pomwe wotibweretsera sabwera tsiku lililonse.

Vuto la kufewa kwa ma burger tinalithetsa kale: timawotcha banzi ndi batala, letesi n'kumuika pansi pa nyama.

Ndiye akuluakulu, inu mumalongedza motani? Kukazinga kachitatu kapena kupaka tchipisi sitachi ya chimanga kumathandizadi? Nanga tchizi cha mufiriji mumachitulutsa nthawi yaitali bwanji musanachithire msuzi?