Funso: fizi ya sukulu ya pulayiveti kuno ku Indiana, pa msonkho amabwezadi?

Abale a pa gulu ndithandizeniko nzeru. Ndili ku South Bend, ana awiri, wina giredi 3 wina giredi 6. Tikufuna tiwachotse ku sukulu ya boma chifukwa wamkuluyo homuweki sabwera nayo n'komwe, akangofika ndi pa tabuleti basi. Bambo akunyumba akuti tiwalowetse sukulu ya Katolika, ine ndimaganiza zowaphunzitsa pakhomo popeza ndimagwira shifiti ya usiku masana ndimakhalapo. Ndiye mnzanga ku ntchito akuti osadandaula boma limabweza $1,000 pa mwana aliyense ukamafayila msonkho, zoona zimenezi? Tisalowe ngongole podalira ndalama ya m'malere.

Ndemanga

Mayi, mnzanuyo wamva theka chabe. $1,000 ija ilipodi, ya pulayiveti ngakhale ya pakhomo, koma ndi deduction, amangoichotsa pa ndalama zomwe amawerengerapo msonkho wa state, sikuti akupatsani cheke ayi. Msonkho wa Indiana ndi cha m'ma 3 peresenti, ndiye ana awiri mupulumutsa cha m'ma $60, kuonjezerapo pang'ono za county. Ya gasi basi. Pa fomu ya federal palibe chomwe amachotsa pa fizi ya ana a msinkhu umenewo.

Achemwali musalimbane ndi $60, funsani za Choice Scholarship ku ofesi ya sukuluyo. Ndi vocha ya state, ndalama zimapita ku sukulu konko ndipo fizi imatsika kwambiri, anga atatu akuphunzira choncho. Koma sukuluyo ikhale yoti ili mu pulogalamuyo, komanso vochayo ya pakhomo sikhudza.

Palibe watchula 529, akaunti yosungiramo ndalama za maphunziro a ana. Mukaika ndalama mu akaunti ya 529 ya Indiana amakupatsani kiredit ya 20 peresenti mpaka $1,500 pa chaka, imeneyo ndiye imachotsedwa pa msonkho weniweniwo. Kuyambira 2018 ndalama za 529 zimaloledwa kulipirira fizi ya K-12, kutanthauza kindagateni mpaka giredi 12. Ife a ku Illinois yathu ya ndalama zolipirira sukulu ndi kiredit koma imathera pa $750 banja lonse, ndiye inu muli bwinoko.

Ine za msonkho ndasiyira anzanga, ndifunse za tulo. Mukuweruka 7 m'mawa, kenako masamu a giredi 6 mpaka masana, mugona nthawi yanji? Indiana imafuna masiku 180 pa chaka ndipo kaundula wa masikuwo mumalemba nokha. Mlamu wanga anayesa, pofika Khrisimasi mabuku anali mu katoni ku galaja.

Zikomo nonse. Za tulozo bambo awerenga aseka mpaka kukhosomola. Lolemba ndiyimba ku sukuluko za vocha. Funso lina, marisiti a mabuku ndi makope amatumizidwa limodzi ndi IT-40, fomu ya msonkho wa state ija, kapena ndingowasunga?