"Chikomekome cha mkuyu": kodi nyererezo n'zenizeni?

Mwana wa kwa Mpondasi
Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uja wakuti "chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere." Chikomekome n'chiyani kwenikweni, kukoma kwa pakamwa kapena kwa m'maso? Ena amati "cha mkuyu", ena "cha nkhuyu", olondola ndani? Nanga nyererezo zimalowera pati, poti nkhuyu zambiri ukazitembenuza sizioneka bowo?

Aphunzitsi Opuma, Malindi
Mwanawe, mkuyu ndi mtengo, nkhuyu ndi chipatso chake, monga mlambe ndi malambe. Nyerere zimakhala m'chipatso, ndiye amene amati "cha nkhuyu" sanalakwe. Koma a "cha mkuyu" nawonso ali ndi mfundo, pakuti chimene chimaitana munthu ali patali ndi mtengo wonse. Nkhuyu zimabereka m'magulumagulu pathunthu ndi panthambi zikuluzikulu, ndipo zikapsa mtengo umachita kuti psuu.

Tsinde la mawuwo ndi -koma, lomwe limagwira konse, chakudya chokoma ndi mtima wokoma womwe. Kuika chi- kutsogolo n'kubwereza tsinde ndiko kumalipeputsa. Chiponyeponye ndi kuponya kosalinga, chimasomaso ndi maso osakhazikika. Chikomekome ndiye kukoma kwapamwamba, kongoonekera, komwe munthu sanakuyese. Ankhoswe amaunena kwa mnyamata amene wagwa ndi nkhope asanafunse za khalidwe, ndipo amaunenanso kwa mtsikana wotengeka ndi zovala za mwamuna.

Wazamitengo, Monkey Bay
Aphunzitsi amaliza za mawu, ine nditenge za nyerere. Zoona zake n'zakuti tizilombo tambiri timene mumationa mukang'amba nkhuyu si nyerere ayi. Ndi timavu ting'onoting'ono, totalika mamilimita 2 basi, ndipo timabadwira momwemo.

Munaonapo duwa la mkuyu? Simungalione, chifukwa nkhuyuyo ndi thumba la maluwa mazanamazana oyang'ana mkati. Njira yolowera ndi imodzi, kamchombo kaja kali kunsonga, ndipo n'kotsekedwa ndi timamba tosanjikizana. Kamavu kakakazi kamanunkhiza nkhuyu yaiwisi imene maluwa ake akonzeka, n'kudzipanikiza pakati pa timambato. Polowa mapiko amathothoka, tinyanga timaduka. Kakalowa sikaulukanso. Mkatimo kamaikira mazira m'maluwa ena, kwinaku kakupaka mungu umene kabwera nawo kuchokera ku mkuyu wina. Duwa lolandira dzira limasanduka kachipinda ka mphutsi, lolandira mungu wokha limasanduka njere. Mayiyo amafera momwemo.

Pakapita masabata angapo amayamba kutuluka m'tizipinda ndi amuna. Awa ndiwo amasokoneza anthu: alibe mapiko, ndi ofiirira, amayenda chokwawa, ndiye ndani sangati nyerere? Ntchito zawo ndi ziwiri zokha. Amakwera akazi akadali m'tizipinda tawo, kenaka amathandizana kuboola khungu la nkhuyu kuti akaziwo atulukire. Akatero amafa, ambiri osaliona n'komwe dzuwa. Akazi amalonga mungu m'timatumba ta pachifuwa n'kuuluka usiku kukafuna mkuyu wina, ndipo moyo wawo kunja ndi wa tsiku limodzi kapena awiri.

Timavu tikangotuluka m'pamene nkhuyu imafewa, kufiira ndi kutsekemera, m'masiku ochepa chabe. Apa tsono nyerere zenizeni zimabwera, kulowera pabowo lomwe amuna aja anaboola, kudzatola mitembo yawo ndi kunyambita madzi otsekemera. Choncho mwambi sunaname. Nkhuyu ikafika pokoma m'maso, mwayi wopezamo nyerere ndi waukulu. Kungoti nyerere ndi alendo, eni nyumba ndi ena.

Dzina la sayansi la mkuyu wathu wa m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe ndi Ficus sycomorus, kamavu kake ndi Ceratosolen arabicus. Mitengo ya mtundu wa mkuyu padziko ilipo yoposa 750, kachere ali momwemo, ndipo pafupifupi uliwonse uli ndi kamavu kakekake. Ku Namibia, kumtsinje wa Ugab, ofufuza anapeza kuti timavu timeneti tinanyamula mungu mtunda wa makilomita 160, titatengedwa ndi mphepo.

Mwana wa kwa Mpondasi
Achimwene, ndiye kuti tikamadya nkhuyu timadya mavu?

Wazamitengo, Monkey Bay
Pang'ono, inde, ndipo sapweteka. Timavu timeneti sitiluma munthu. Thupi la mayi uja limagayika ndi mankhwala a m'chipatsomo otchedwa ficin, akazi atsopano amakhala atatuluka, otsala ndi amuna akufa. Zolukuta zimene mumamva pamano ndi njere. Chimene muyenera kusamala ndi nkhuyu zotola pansi, chifukwa zimenezo zimakhala ndi mphutsi za ntchentche, zina zayamba kale kusasa.

Mukafuna kudzionera nokha, thyolani nkhuyu zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene zakula mokwanira, zayamba kufewa pang'ono koma zilibe bowo. Ziikeni m'botolo loyera, pakamwa mumange kansalu kopyapyala ndi mphira. Musatseke ndi chitsekerero, chinyezi chimaoletsa zipatso n'kupha tizilombo. Botololo likhale pamthunzi. Ngati mwathyola pa nthawi yake, pakatha tsiku limodzi kapena awiri mudzaona timavu tikuyendayenda pagalasi. Zikakhala zaziwisi kwambiri simuona kanthu. Tina mudzationa tili ndi chimchira chachitali ngati ulusi. Timeneto n'takuba: timabaya nkhuyu kuchokera kunja n'kuikira mazira osabweretsa mungu.

Ina muing'ambe pakati ndi lezala. Utomoni wake woyera umamata ndipo ena umawayabwa, ndiye musagwire m'maso.

Wokonza Mafoni pa Boma
Pa zoonera tizilombo tating'ono, foni yomweyo imatha. Tengani kadontho kamodzi ka madzi ndi nsonga ya machesi, mukaike pagalasi la kamera yakumbuyo, kenaka mutembenuze foni mofulumira kuti kadonthoko kalendewere. Kamagwira ntchito ngati galasi lokulitsa, bola muyandikize kwambiri, osakwana sentimita imodzi kapena pamenepo. Dontho likakula limayenderera ndipo chithunzi chimachita mbuu. Ngati galasi la kamera ndi long'aluka, musayese.

Koma mwambiwu kuntchito kwathu ndi wa tsiku ndi tsiku, makamaka pa mapawabanki. Mabatire ozungulira amene amakhala mkati mwa ambiri, otchedwa 18650, limodzi limalemera magalamu pafupifupi 45 ndipo labwino limasunga pafupifupi 3,500 mAh (mAh ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga). Werengani nokha: pawabanki yolembedwa 50,000 mAh ingafune mabatire otere oposa khumi, ndiye singalowe m'thumba la malaya. Ochenjera anazindikira kuti ogula amayesa ndi kulemera, n'chifukwa chake m'zina mumapezeka batire limodzi lenileni, enawo ndi zikhokhombe zodzaza mchenga, zosalumikizidwa ku waya uliwonse. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ya 10,000 mAh yeniyeni imadzaza foni ya 5,000 mAh kamodzi n'kutsalako pang'ono, osati kawiri, chifukwa mphamvu ina imatayika posintha magetsi kuchoka pa mavolti 3.7 kupita pa mavolti 5. Ikathera foni isanafike theka, mwagula mchenga. Pawabankiyonso ikamadzaza m'ola limodzi pa chaja wamba, dziwani kuti mkatimo mulibe malo.

Memori khadi ndiye yoipitsitsa. Imalembedwa 128 GB, foninso imawerenga 128 GB, pomwe mkati muli 8 GB, chifukwa kachipangizo kake anakauza kuti kazinama. Poyamba zonse zimayenda bwino. Mukadutsa malire enieniwo, mayina a zithunzi amaonekabe koma osatseguka, ndipo sizibwereranso. Musanaikemo zaukwati, iyeseni pakompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw. Imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso, kenaka imakuuzani malo enieni. Zimatenga maola.

Wosema Ziboliboli, Chembe
Kwathu kuno nyerere zake ndi polishi ya nsapato. Mtengo wa phingo ndi wakuda mkati, kunja kwake kuli mnofu woyera mwachikasu, ndipo ndi wolemera moti kachidutswa ka pamtima pake kamamira m'madzi. Popeza wayamba kusowa, ena amasema mtengo wamba n'kuudetsa ndi utoto kapena polishi, n'kuupukuta mpaka waliwali. Kuti mudziwe, tembenuzani chibolibolicho, mupale pansi pake ndi kampeni. Phingo ndi wakuda kapena wofiirira moderako mpaka mkati, wonamizira amayera pomwepo. Chikhadabo sichilowa mu phingo. Musaweruze ndi kuthimbirira kwa nsalu kokha, chifukwa ngakhale phingo weniweni timamupaka polishi pomaliza.

Anankungwi a ku Namwera
Ana inu mwalongosola bwino, koma mwaupotoza pang'ono. Wa pawabanki ndi wa polishi akunamiza dala, chimenecho ndi chiphamaso. Mkuyu sunamiza munthu. Umabereka mmene unalengedwera, anyani, mileme ndi mbalame zimadya osadandaula. Mwambiwu ukudzudzula wodyayo, amene waponya nkhuyu mkamwa osaing'amba. N'chifukwa chake pachilangizo sitiunena kwa wokongolayo, timaunena kwa amene akufuna kumutenga. Ndiponso nkhuyu ya nyerere siitayidwa. Umaing'amba, kuuzira, kuiika padzuwa pang'ono kuti zituluke, n'kudya. Mkamwini kapena mtengwa akapezeka ndi chilema, si kuti basi ukwati watha.

Aphunzitsi Opuma, Malindi
Mayi, pa wodyayo ndikugwirizana nanu. Pa zouzira n'kudya, pamenepo mwaufewetsa mwambi ndinu. Ukamanenedwa pabwalo umakhala chenjezo lakuti bwerera, osati lakuti konza. Komabe mukamva zimene wanena wazamitengo uja, kuti nkhuyu yopanda tizilombo siikhala ndi njere, mwina anankungwi ali ndi pogwira.

Wokonza Mafoni pa Boma
Pawabanki yamchenga yokha musaiuzire, agogo. Batire limodzi lomwe lilimo nthawi zambiri ndi lakale kapena lotsika, ndipo likamatentha kapena kutupa pochaja, ichotseni kumagetsi, musaiike pafupi ndi neti kapena matiresi.

Mwana wa kwa Mpondasi
Nanga kulibe mikuyu yopanda tizilomboti?

Wazamitengo, Monkey Bay
Ilipo. Ku Egypt ndi ku Israel mkuyu womwewu umalimidwa kuyambira kalekale, koma kamavu kake konyamula mungu kulibeko. Nkhuyu zake zilibe njere, ndipo mitengo amaichulukitsa pobzala nthambi. Kuti zipse, alimi a ku Egypt ankacheka nkhuyu iliyonse yaiwisi ndi kampeni ikadali pamtengo. Balalo limachititsa chipatso kutulutsa mpweya wa ethylene, womwewo umene umapsetsa nthochi zikavundikiridwa, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi nkhuyu imakhala itatupa ndi kupsa, tizilombo tina tisanakhwimiremo. Ntchito imeneyi ndi imene akatswiri ambiri amati mneneri Amosi ankagwira, pa Amosi 7:14 paja akudzitchula wosamalira mikuyu.

Amene muli ndi mkuyu pafupi mutha kuyesa: chekani pang'ono nkhuyu khumi zazing'ono zaziwisi panthambi imodzi, zina khumi muzisiye, mumange ulusi pa zochekazo kuti musasokoneze. Anyani okha ndiwo angakuonongereni chiwerengero.