Ma decal a Tomcat yanga ayera ngati siliva, ndiyambe kuidetsa kapena ndikonze kaye?

Wofunsa:

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi vuto, ndithandizeni nzeru. Ndakhala ndikuwerenga zomwe mumalemba kwa nthawi yaitali, koma lero ndi koyamba kuti nane ndilembe.

Ndikumanga modelo ya pulasitiki ya ndege yankhondo ya F-14A Tomcat, ya kampani ya Tamiya, ya sikelo ya 1/48 (yochepa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni), ija inatuluka mu 2016. Iyi ndi ndege yanga yachitatu. Ziwiri zoyambazo zinali za 1/72 ndipo ndinazipenta ndi burashi, pomwe iyi ndiyo yoyamba kuipopera ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya. Ndasankha zizindikiro za VF-84, gulu la ndege la Navy ya America, a Jolly Rogers aja, a michira yakuda yokhala ndi chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Pamwamba ndapaka gull gray, penti ya imvi yopepuka, pansi poyera.

Kumanga kunayenda bwino kwambiri. Miyezi itatu ndakhala nayo patebulo madzulo aliwonse, ndipo mapiko amatseguka ndi kutsekeka popanda kukakamira. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 40, choncho kalikonse kolakwika kamaoneka msanga.

Ndalakwitsa pa ma decal, timalemba ndi zizindikiro zomwe timaviika m'madzi n'kumata pa ndege. Penti yomwe ndinagwiritsa ntchito ndi ya acrylic yosawala, ndiye itauma ndinangoyamba kumata ma decal pomwepo, osapopera vanishi wowala poyamba. Ali onyowa ankaoneka bwino, ngati openta. Nditamaliza ndinapopera vanishi wosawala ndege yonse, n'kupita kukagona mtima uli mbee. M'mawa nditainyamula kupita nayo pa windo, ndinaona kuti kuzungulira timalemba tating'ono tonse, ma NO STEP a pamapiko ndi ena a m'mbali mwa mphuno, pali kachikopa koyera konyezimira. Ukaipendeketsa, kamawala ngati siliva. Ndawerenga malo 30. Zigaza za pamichira zili bwino, koma nyenyezi ya paphiko yayera ngodya imodzi.

Mafunso anga ndi awa. Kodi izi zingakonzeke pomwe ndaphimba kale ndi vanishi? Kapena ndikayamba kuidetsa, litsirolo lingabise? Ndili ndi zithunzi za ma Tomcat akuda bii, a zigamba zigamba, ndipo ndimafuna yanga ioneke choncho. Chinanso, ndinayesa kuthira wash wa enamel wakuda, penti yosungunula kwambiri yodetsera mizere yokumbika pa pulasitiki, m'mizere ya pansi pa phiko limodzi, koma m'malo moyenda mumzere anangofalikira n'kusiya banga lomwe likukana kupukutika. Ndaima pomwepo, sindinaikhudzenso.

Wakale Pagulu:

Achimwene, takulandirani. Mwachita bwino kuima. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuthira wash kuti abise, ndipo pamenepo m'pomwe ndege imaonongekeratu.

Ndiyambe ndi chomwe chachitika, chifukwa mukachimvetsa simudzabwerezanso. Penti yosawala si yosalala. Mukanakhala ndi galasi lokuzira mukanaona kuti ili ndi timapiri ndi timaenje tambirimbiri, n'chifukwa chake siibweza kuwala. Decal ikagona pamenepo imakhudza nsonga za timapirito basi, pansi pake m'timaenjemo mumatsala mpweya. Pomata paja m'timaenjemo munali madzi, n'chifukwa chake munkaona ngati zili bwino. Madzi atauma, mpweya ndiwo unatsala, ndipo kuwala kukadutsa pa kachikopa koonekera kaja kumabwerera ngati siliva. Pomwe pali utoto wa decal simuona kanthu, ngati pazigaza paja, koma pa ma stencil, timalemba tating'ono tija, kachikopa koonekera n'kochuluka kuposa malembawo.

Tsono kukonza kwake. Tengani mpeni wa modelo wa lezala latsopano, kapena singano yakuthwa kwambiri. Boolani timabowo pamalo poyerapo, tambiri ndithu, moyandikana, kudutsa vanishi ndi decal yomwe. Musakanikize, kulemera kwa mpeniwo n'kokwanira. Kenako donthezani ndi kaburashi Micro Sol, mankhwala ofewetsa ma decal, uja wa botolo la malemba ofiira. Amalowa m'timabowomo, amafewetsa decal, ndiye imagona m'timaenje muja mpweya n'kutuluka. Ikayamba kukwinyika musaikhudze, ngakhale dzanja likuyabwa bwanji. Imawongoka yokha ikamauma. Dikirani maola angapo, muone, mubwerezenso pomwe patsala. Kwina mudzachita katatu.

Poti munaphimba kale ndi vanishi, ena sadzatheka ndi Micro Sol yekha. Pamenepo sungunulani vanishi wowala pang'ono, monga X-22 wa Tamiya, akhale wamadzimadzi, mumudonthezere pa timabowo tomwe tija. Amalowa pansi n'kudzaza malo omwe munali mpweya. Otsala ouma mutu, tengani burashi yosongoka kwambiri ndi gull gray wanu yemweyo, mupake pa kachikopako mozungulira malemba. Mukadzapopera vanishi womaliza palibe adzadziwe.

Zodetsazo zidikire kaye. Wash akalowa pansi pa decal yomwe sinagone, siliva uja amasanduka mkombero wakuda, ndipo ameneyo sachoka.

Wa 1/72 Yekha:

Ine ndikanachotsa zonse. Matani tepi pa ma decal, zulani, sendani ndi sandipepa wosalala, poperaninso penti, gulani pepala lina la ma decal. Zigamba sizimatha bwino.

Wakale Pagulu:

Njira imeneyo ilipo, akulu, koma ndi yomaliza. Zigaza ndi mizere yachikasu zili bwino, bwanji kuziononga chifukwa cha ma stencil? Komanso decal yomwe ili pansi pa vanishi siizuka bwino ndi tepi, imang'ambika n'kusiya khwawa lomwe muyenera kusenda. Ayese kaye singano. Nyenyezi ya paphikoyo ikakana, achotse imeneyo yokha.

Wokonda Mbiri ya Ndege:

Bambo wofunsa, ine ndikufuna ndilankhule za zithunzi zanuzo, chifukwa ndikuganiza kuti mwasakaniza nyengo ziwiri.

Ma Tomcat akuda a zigamba zigamba omwe mwaonawo ndi a penti ya TPS (Tactical Paint Scheme, kapentedwe ka imvi yokhayokha), yomwe Navy ya America inayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1980 mpaka pomwe ndegeyi inapuma mu 2006. Ndi mitundu itatu ya imvi, FS 35237, 36320 ndi 36375 (FS ndi manambala omwe boma la America limapatsa mitundu ya penti). Onani nambala yoyambayo. Pa manambala a FS, 3 akutanthauza penti yosawala, 1 akutanthauza yowala. Penti yosawala imagwira litsiro monga momwe yanu yagwirira wash. Pa sitima yonyamula ndege pali mchere wa m'nyanja, mafuta, utsi ndi nsapato za amakanika, ndiye anthu olimbana ndi dzimbiri ankapala pomwe layamba n'kupopera penti yatsopano pamalo pomwepo. Yatsopanoyo sinkafanana ndi yakale yosuluka, n'chifukwa chake zigamba.

Yanuyo ndi ya nyengo ina. VF-84 inalandira ma Tomcat mu 1976 ndipo inkauluka kuchokera pa sitima yonyamula ndege ya USS Nimitz. Penti ya nthawi imeneyo ndi FS 16440 pamwamba ndi 17875 pansi. Zonse zikuyamba ndi 1. Inali yowala, inkatsukika, ndipo ndege za michira yokongola chonchi ankazisamala. Sindikunena kuti zinalibe litsiro, ayi, koma mukaipatsa zigamba za TPS idzaoneka ngati munthu wovala malaya a mwini.

Komwe litsiro linkakhaladi ndi uku. Phiko la Tomcat limayenda kuchoka pa madigiri 20 kufika 68 ikamauluka, ndipo ikaimikidwa pa sitima limabwerera mpaka 75. Mbali ya phiko yomwe imalowa ndi kutuluka m'thupi imakhala ndi zikhwekhwe zakuda zokhota, zotsata kayendedwe ka phikolo. Chimenechi musachisiye, ndicho chimaipangitsa kuoneka yamoyo. Kumanzere kwa mphuno kuli mfuti ya M61 ya 20mm, kumbuyo kwa kamwa lake kumakhala mwaye pang'ono. Pamsana, pakati pa mainjini, pamadetsedwa ndi mapazi. Pansi pamimba, cha kumbuyo, ndi pomwe pamakhala mikwingwirima ya mafuta yolowera kumchira, momwe mphepo imakankhira.

Ndiye vanishi wosawala yemwe mwapoperayo si woyenera ndege imeneyi n'komwe. Womaliza akhale wapakati, wowala pang'ono. Wowala kwambiri pa 1/48 amaoneka ngati chidole, koma wosawaliratu ndi wa Tomcat ina.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Za nambala yoyamba ya FS sindinkazidziwa, ndapita kukaonanso zithunzi zija ndipo zonse ndi za imvi zokhazokha, palibe ya mchira wachikasu ndi wakuda ngakhale imodzi. Ndinangosonkhanitsa zilizonse zolembedwa F-14.

Tsono ndimvetse bwino dongosolo lake. Ndikamaliza kuboola ndi kufewetsa, ndipopere vanishi wowala pamwamba pa wosawala uja? Sizidzakwirira mizere? Nanga banga la pansi pa phiko lija nditani nalo?

Mayi wa MiG-21:

Achimwene, eya, poperani wowala pamwamba pomwepo, koma mopyapyala. Kawiri kapena katatu kopepuka kumaposa kamodzi konyowa kwambiri. Mizere ya kit imeneyo ndi yakuya mokwanira, siingakwiririke ndi zimenezo. Pomwe mwaboola pakakhala pokhakhala, vanishi akauma bwino pitanipo ndi sandipepa wa 2000 kapena 3000 wonyowa, mopepuka, kenako poperaninso. Mphepete mwa decal mumazimiririka motero.

Za bangalo. Wash wa enamel amayenda mumzere yekha pokhapokha pamwamba pali posalala. Pa vanishi wosawala amamwedwa ngati inki pa nsalu. Yesani kathonje kotokosera m'khutu konyowetsa pang'ono ndi thina (mankhwala osungunulira penti) wa enamel, mukafinye kaye pa pepala kasanafike pa ndege. Thina wa enamel sasungunula acrylic yomwe yauma bwino, n'chifukwa chake timasinthanitsa mitunduyi, pansi acrylic, pamwamba enamel kapena penti ya mafuta. Likatsala, poti ndi pansi pa phiko poyera, poperanipo woyera pang'ono basi.

Ndikuchenjezeni chimodzi chomwe chinandipweteka. Thina wa enamel akalowa pa pulasitiki yopanda penti, makamaka polumikizira pomwe pali mphamvu, amaiumitsa n'kuithyola. MiG-21 yanga yoyamba ndinaithira wash wambiri m'zipinda za matayala, m'mawa ndinapeza mwendo wakutsogolo wathyoka pakhosi, ndege itagwada. Ndinachita kuboola n'kulowetsa kawaya kuti iimenso. Pa Tomcat samalani miyendo ndi pomwe mapiko amazungulira. Kadontho kamodzi pansonga ya burashi, kayende kokha.

Ndipo wakudayo musiyeni. Pa ndege yoyera ndi ya imvi yowala, mizere yakuda imaoneka ngati mwajambula ndi bolopeni. Tengani wa imvi wodera pamwamba, wa imvi wopepuka pansi poyera. Wakuda kapena wabulauni woderapo asungireni timabowo tolowera mpweya ndi m'zipinda za matayala.

Zikhwekhwe za pamapiko zomwe anena bambo aja ine ndimachita ndi penti ya mafuta, ya ojambula zithunzi. Finyirani pang'ono pa katoni, isiyeni ola limodzi kuti katoniyo imwe mafuta, ikatero imauma msanga ndipo siiwala. Ikani timadontho ting'onoting'ono, kenako kokani ndi burashi yophwatalala yomwe yangonunkhiza thina. Ubwino wake ndi woti mukalakwitsa mumapukuta n'kuyambiranso, ngakhale patapita maola.

Admin:

Ndikuwonjezere kawiri. Musanapopere vanishi aliyense onetsetsani kuti galasi la pamwamba pa oyendetsa ndi lophimbidwa ndi tepi, vanishi wosawala akaligwera limachita chifunga. Komanso popopera tsegulani mawindo ndipo valani chophimba mphuno chokhala ndi zosefera, osati cha nsalu chabe, makamaka ngati mukusungunula ndi thina wa lacquer.

Wa 1/72 Yekha:

Chabwino, ndavomera za singanozo. Koma pa ndege yotsatira, madzi oviikamo ma decal akhale ofunda, viikani masekondi khumi okha n'kuika pa thaulo kuti imasuke yokha, ndipo pamalopo pakani Micro Set, wothandiza decal kumata, wa malemba a buluu, musanaigoneke. Ma stencil ine ndimadula kachikopa koonekera kufika pafupi ndi malemba ndisanaviike.

Wofunsa:

Ndabweranso patatha masiku asanu kudzakuuzani momwe zayendera.

Ndinayamba ndi NO STEP mmodzi wa pansi, kuti ndikalakwitsa pasaoneke. Nditaboola ndi kudontheza Micro Sol, ndinaona ndi maso anga kuyera kuja kukuzimirira kuchokera pa kabowo kupita m'mbali, ngati madzi akulowa m'dothi louma. Mwa malo 30 aja, 22 atheka ndi njira imeneyo, ena kawiri ena katatu. Asanu anafuna X-22 wosungunula, ndipo atatu ndapaka gull gray ndi burashi monga ananenera a Wakale Pagulu. Nyenyezi inakwinyika mpaka ndinachita mantha, manja ndinawaika m'thumba n'kutuluka m'chipindamo, ndipo pobwerera madzulo ndinaipeza yagona, mzere wa phiko ukuonekera pansi pake. Banga lija lachoka theka ndi kathonje, lotsalalo ndapoperapo woyera.

Dzulo ndapopera vanishi wowala kawiri. Lero ndathira wash wa imvi paphiko lamanzere, kadontho kamodzi kanathamanga kokha mumzere wonse mpaka kunsonga.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa amayi a MiG-21. Zikhwekhwe za pamapikozo ndizichite pano pa vanishi wowala, kapena ndidikire ndipopere kaye wapakati uja? Ndayesa pa kachidutswa ka pulasitiki kowala ndipo penti ya mafutayo ikungotsetsereka, burashi ikuichotsa yonse.

Mayi wa MiG-21:

Dikirani wapakatiyo, achimwene. Wash wa m'mizere amafuna posalala, koma penti ya mafuta imafuna pogwira pang'ono. Malizani mizere yonse, ipatseni tsiku limodzi iume, poperani wapakati, kenako zikhwekhwezo. Tsekani phiko mpaka kumapeto, lembani ndi pensulo mopepuka pomwe thupi lafika, tsegulaninso, ndiye mudetse mkati mwa mzere umenewo mokha. Mukamaliza tiikireni chithunzi cha pamwamba mapiko ali otsegula.